Sitima Yosafika Kwawo

Amayi, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji? Ndine Felesiya wanu. Patha chaka ndi miyezi inayi chikuperekezereni kumanda. Ndakhala ndikuzengereza kulemba chifukwa ndikudziwa kuti mukanakhala pafupi mukanandigenda ndi chipande ndisanamalize n'kulankhula komwe.

Ndiyambe ndi zabwino, mungati ndilibe mwambo. Ndinachira bwinobwino mu Januwale, mwana wamkazi. Tinamupatsa dzina lanu, ndipo watengera ndi ukali womwe. Akafuna bere mudzi wonse umadziwa. Kachewere wachita bwino kudimba lakumunsi lija. Chimanga ndiye ayi, feteleza wa masiku ano akugula ndi anthu ovala mataye okha. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, koma kamodzi kanapita ndi afisi a m'nkhalango ya Chongoni. Chisanu chavutanso chaka chino, moti mapichesi anu ayoyoka masamba onse.

Ndikuona kuti ndayamba kuzungulirazungulira ngati sitima ya abambo. Basi ndingonena. Abambo kuno kulibe. Anawasudzula mu Okutobala, ndipo ine ndinali pomwepo.

Za chipinda chakumbuyo sindingakuphunzitseni, poti munachisesa zaka makumi awiri mukung'ung'udza. Abambo atapuma ntchito yawo yokonza njanji ku Golomoti, anakwera phiri kubwera kuno njanjiyo ili m'mutu. Anaumba tebulo lasimenti pakati pa chipinda n'kuyalapo njanji ya waya wa mpanda. Timitanda take anasema ndi nsungwi, kamodzikamodzi, mpaka zala kutuluka matuza. Mabogi anali a zitini za nsomba, mutu wa sitima unali wa chitini cha mafuta ophikira, ndipo m'kati mwake anaikamo kamota kamene anachotsa mu wailesi ya kaseti yakufa. Mabatire ankaba mu wailesi yanu. Kangati munaphonya zolengeza za maliro chifukwa mabatire anu ali padzuwa, akuwaotcha kuti adzuke?

Inu munkati, "Amuna anzanu akuweta ng'ombe, inu mukuweta zitini." Koma ndani ankabwera kuchokera kuukwati atamanga zitini pachitenje? Ndani ankazitsuka ndi phulusa kuti zisanunkhe? Musakane, ndinkakuonani. Masiteshoni analipo anayi. Atatu anali a kunsi kwa phiri kumene ankagwira ntchito, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka. Yachinayi, yaikulu kuposa onse, yadenga lonyezimira, anailemba kuti Kwa aNaphiri. Tsiku lina munawaseka kuti sitima yanji yosafika kwawo kwa mwini wake, bwanji osaikapo Lobi. Ndikukumbukira mmene anayankhira osadzutsa n'komwe mutu. "Kwathu ndi kuno, aNaphiri. Ku Lobi ndinangobadwirako."

Anadzinamiza, Amayi. Mkamwini ndi mkamwini ngakhale atamera imvi pamudzi.

Tsiku losudzula tinafulula mowa, abale a abambo anabwera kuchokera ku Lobi, tonse tinakhala pansi pa mapichesi. Atsibweni, achimwene anu aja, anaimirira monga mwinimbumba. Analankhula mokoma zedi. Anati mkamwini wagwira ntchito yake, wabereka, wamanga, waika mkazi wake mwaulemu, tsopano wamasuka kubwerera kwawo. Kenaka anatembenukira kwa ine, poti azing'ono anga a kutauni sanabwere.

"Ino ndi nthawi ya matipate," anatero akumwetulira. "Aliyense ali ndi ufulu wolankhula. Ngati ana mukufuna bambo anu akhale, nenani."

Mukudziwa kuti mwambo umalola zimenezo. Mwana wamkulu akangoti bambo athu tiwasunga, nkhani imathera pomwepo. Anthu onse anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana zala zanga zakumapazi mpaka atsibweni anakhala pansi.

Ndikuuzani chifukwa chake, ngakhale manyazi akundigwira. Kutatsala sabata imodzi, atsibweni anabwera kukanyumba kathu kaudzu kaja. Anayang'ana denga, anayang'ana mimba yanga, n'kunena kuti nyumba yanu yamalata ija ndi ya mbumba, mkamwini akachoka ndilowemo mvula isanagwe. Sanandiopseze. Sanandipemphe n'komwe kuti ndikhale chete. Anangonena zokhazo n'kumapita, ine n'kumva zonse. Ndinagulitsa abambo anga ndi malata, ndipo palibe amene anandikakamiza.

Abambo sanakwiye. Bola akanakwiya. Anangovula chipewa n'kuthokoza anthu kuti anakhala bwino pamudzi pano. Anawalongedzera bulangete, khasu, sutikesi ndi njinga yawo. Atapempha sitima, atsibweni anati chilichonse chogwira pansi ndi cha pamudzi, ndipo njanjiyo ili pasimenti. Mabogi okha anawalola. Anawaika m'thumba la feteleza, akulira kwenjerekwenjere pakaliyala. Mutu wa sitima tinaufunafuna osaupeza. Abambo anati tisavutike, n'kukankha njinga yawo kutsika njira ya kudambo. Sanakwere mpaka anabisika.

Mutuwo ndinadzaupeza mwezi wathawu, kapena ndinene kuti ndinapeza mtima wake. Mukumudziwa Lingisoni, msuweni wanga, mwana wa atsibweni omwewo, amene amagulitsa magalimoto amawaya m'mbali mwa msewu pa Linthipe. Ndinapita kukagulitsa kachewere tsiku la msika, ndinangoona anthu aunjikana. Pakati pawo pali Lingisoni, bambo wandevu zake, akuyendetsa galimoto yamawaya yopanda chiwongolero, ikuyenda yokha. Akuuza anthu kuti anamva pawailesi kuti kunja azungu ayamba kupanga magalimoto oyendera magetsi, osamwa petulo, ndiye iye wawapitirira. Anthu akumutcha injiniya. Galimotoyo inkayenda mapazi atatu n'kukagwera m'ngalande, koma anthu m'manja wawawa.

Nditasuzumira ndinaona kamota kaja. Sindikanakasokoneza ndi kena. Mawaya ake abambo anamanga ndi ulusi wofiira umene anasolola pajuzi yanu, tsiku limene munawathamangitsa ndi tsache. Ndinamufunsa Lingisoni kuti mutu wa sitima uli kuti. Anati anauphwanya, chitini chokha sichikanamuthandiza kanthu.

"Sitima ndi zachikale, msuweni," anatero. "Tsogolo ndi galimoto yamagetsi."

Ndinamutukwana pamaso pa anthu, mawu amene simunandiphunzitse. Pakamwa pamene panakanika kutseguka pansi pa mapichesi panatseguka bwinobwino pamsika, pamene sizikanathandiza aliyense.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti atsibweniwo nawonso ndi mkamwini kwa akazi awo ku Linthipe. Amabwera kuno kudzalamula, madzulo n'kubwerera kukagona m'nyumba imene tsiku lina adzawatulutsamo ndi bulangete limodzi. Sindiwafunira zoipa. Ndanama, ndimawafunira. Chipinda chakumbuyo anachisandutsa chosungiramo matumba awo a kachewere. Anasanja pamwamba penipeni pa njanji, moti waya wapindika, timitanda tathyoka, siteshoni yanu yaphwatalala. Ine ndimadutsa pakhomo la chipindacho osayang'anamo. Nyumbayi siidontha, Amayi. Mvula yonse yatha osagwera dontho ngakhale limodzi pa mwana.

Sabata yatha ndinalimba mtima n'kupita ku Lobi kukawaonetsa mdzukulu. Akukhala m'kakhitchini kuseri kwa nyumba ya mdzukulu wa alongo awo. Anthu a kumeneko sawadziwa bwino, munthu anachokako ali mnyamata. Amawatcha alendo a ku Chongoni, ndipo ena amawafunsa kuti abwerera liti. Aonda. Jekete lija munawagulira pa kaunjika likungolendewera.

Kuseri kwa kakhitchiniko asalaza pansi n'kuyala njanji ina. Waya alibe, ndiye agwiritsa ntchito mapesi ong'alula. Koma njanjiyi siyozungulira ngati yakale ija. Yangowongoka, kulunjika kumene kumaonekera mapiri a kwathu kuno, n'kukathera pampanda. Siteshoni ndi imodzi yokha, kumapeto kwenikweni, yolembedwa ndi khala pakachikatoni. Simukufunika kuti ndikuuzeni dzina lake. Mabogi amawakankha ndi chala mpaka kukafika, kenaka amawanyamula m'manja n'kukayambanso.

Mwana anamulandira bwino. Atamva dzina lake anamunyamula ndi manja awiri n'kumupatsa moni waulemu, ngati akulonjera munthu wamkulu. Ine ndinagwada n'kuwauza zonse, za atsibweni, za malata, za kamota. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anandifunsa ngati denga likudontha. Ndinati ayi. Anati ndiye kuti anakhoma bwino.

Ndinawapempha kuti tibwerere limodzi. Ndinati ndikaitanitsa anthu, ndikaima pamaso pa atsibweni n'kunena kuti bambo anga ndiwasunga. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, akusewera ndi kadzanja ka mwana.

"Mawu amenewo ankafunika tsiku lija, mwanangu," anatero. "Lero ndi ongondisangalatsa."

Ndinabwerera ndekha. Njira yonse ndinkakukwiyirani inu, Amayi, chifukwa chotsogola. Mukanakhalapo palibe akanayerekeza kukhudza ngakhale chitini chimodzi. Koma ndikudziwa kuti mlanduwu si wanu.

Dzulo ndatulutsa matumba a atsibweni onse n'kuwaunjika pakhonde. Akabwera adzalankhule, nanenso tsopano ndaphunzira matipate. Waya wa njanji ndauzula pasimenti ndi mpeni, ndipo bambo a mwana akundithandiza kuuwongola. Loweruka ndikupita ku Linthipe. Kaya Lingisoni apereka mwamtendere, kaya tikokanakokana anthu akuonerera, kamota kaja ndibwera nako pachitenje. Ndikulonjezani kuti mwezi uno usanathe ndikawatulira abambo waya, kamota ndi mabatire atsopano. Mwini wake ndinalephera kumusunga, koma sitimayo ikafika yokha Kwa aNaphiri.

Ndimakukondani, ngakhale sindikudziwa ngati mukundiwerengerabe.

Ndine mwana wanu wamkulu,
Felesiya