Filiji Munasiyira Halima

Amayi, kodi kukuyenda bwanji kumeneko? Kuno ku Chelstone tilipo, dzuwa lokha ndi limene latikwiyira. Mdzukulu wanu Yusufu wayamba kuyenda, ndipo mango aja munabzala ku Libala abereka koyamba.

Koma ndili nanu mawu. Filiji yanu munasiyira Halima, mng'ono wanga, ine wamkulu ndilipo. Thobwa munatiphunzitsa tonse, koma lozizira ankagulitsa ndi iye ku Kabwata, anthu mpaka kuima pamzere. Ndikadutsa pamenepo mtima unkandiwawa, sindibisa.

Ndiye ndinatenga filiji yaulere ya kampani ina ya zakumwa, yagalasi, yowala ngati za anthu olemera a ku Kabulonga, n'kumuitana Halima kuti adzaione. Kalanga ine! Lamulo lawo linali loti muzilowa zakumwa zawo zokha. Tsiku lina munthu wawo anapeza mabotolo anga a thobwa mkatimo, n'kuwatulutsa, akuti ndikadzabwereza adzainyamula. Lonse linasasa. Paja munkati thobwa lofunda n'lopatsa nkhuku, osati munthu wotuluka ku mzikiti.

Ndinakwera basi kupita m'tauni, kwa aboma oona za mpikisano pa malonda. Ndinawafunsa kuti kampani yaikulu ikatitsekera kunja ife ang'onoang'ono, wogula asankha chiyani? Anachedwa, eee, mpaka ndinataya mtima, koma anagamula kuti shelefu imodzi ya m'mafiliji a kampaniyo ikhale ya katundu wa ena.

Tsono mverani izi. Sabata yatha filiji yanu ija, yolira ngati chigayo, yafa. Dzulo Halima watulukira ndi mabotolo ake m'dengu, kudzapempha malo pa shelefu yanga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti muno mumalowa thobwa langa lokha. Mawu omwe aja a munthu wa kampani, amayi, m'kamwa mwanga ine! Chondiwawa n'chakuti ndalawa lake, ndi lokoma kuposa langa, limamveka dzanja lanu. Anthu akangolizolowera, langa adzaliyang'ana ndani? Kaya munamunong'oneza chiyani chimene ine simunandiuze.

Ndamulola, musadandaule. Koma mabotolo ake ndawaika kumbuyo kwenikweni, anga kutsogolo.

Ndimakukondani, ngakhale munakondera. Ndikulonjeza kuti Lachisanu, pochokera ku mapemphero, ndidzasuntha ake abwere kutsogolo. Botolo limodzi kaye.

Ndine mwana wanu woyamba,
Mariyamu