Malo a Kumanja

Lachisanu, 3 Januwale

Ndatopa. Kuntchito, kunyumba yosungira okalamba, agogo a m'chipinda chakumapeto akananso kusamba. Kufika kunyumba ndapeza masokosi a anyamata awiri atayanikidwa pa hita ya pabalaza, nyumba yonse fungo ngati khola la nkhumba. Zaka zonsezi ndikusunga anyamata a timu ya m'tauni muno ya hoke, masewero aja a pa ayezi omenya kampira ndi ndodo, mphuno yanga sinazolowerebe. Ndawauza amuna anga a Orest kuti chaka chino n'chomaliza. Iwo angoti, "Munateronso chaka chatha, mayi," maso ali pa TV.

Madzulo timu yaluzanso. Colson, wamkulu mwa anyamata anga awiriwa, wasewera monga mwa masiku onse. Tavin, wamng'onoyo, wakhalanso kumtunda ndi ife oonerera, atavala suti yake ija yomulekeza m'mikono, khofi ali m'manja osamwa. Otchinga kumbuyo alipo asanu ndi atatu, pomwe olowa m'masewero amakhala asanu ndi mmodzi. Awiri otsalawo amavala masuti n'kumawombera anzawo m'manja. Mwana wa zaka 17, wachoka kutali kumpoto kumene msewu umathera, kudzawomba m'manja kuno. Zimandiwawa.

Lachisanu likubwerali, pa 10, ndi tsiku lotseka. Matimu amamaliza kusinthana osewera ndi kuchepetsa maina. Aliyense kubwalo akunena chimodzi: otchinga achuluka, mmodzi achoka. Dzina sakutchula, koma maso onse amathera pa suti ija.

Loweruka, 4 Januwale

Mazira khumi ndi awiri atha pa chakudya cha m'mawa chokha. Anawa ali ndi mimba kapena nkhokwe?

Tavin amangotembenuza foloko m'mbale. Colson anamuyang'ana n'kumuponya kachidutswa ka buledi pamphumi.

"Vuto lako si miyendo ayi, mphwanga. Vuto lako ndiwe wamanzere. Amanzere mulipo asanu, mukupanikizana ngati tiana ta galu pa bere. Kumanja tilipo atatu basi, ndipo bondo la Rylan lija latha ntchito."

"Ndiye nditani, achimwene? Ndidule mkono?"

"Usamuke. Sewera kumanja ndi ndodo yako yomweyo."

"Ndinayesapo kwathu. Ndinkangogwa ngati thumba."

"Panopanso umagwa ngati thumba, kusiyana kwake n'chani?"

Tavin anaseka, koyamba sabata ino.

Colson chino n'chaka chachitatu ali m'nyumba muno. Anabwera ali wowonda ngati ndodo yake, akuopa ngakhale kutsekula filiji. Pano ali ndi zaka 20, chaka chake chomaliza, poti ligi sisunga opitirira apo. Amadziwa pamene ndimabisa mabisiketi. Amandidzutsira galimoto kukazizira ndisanamuuze. Anandiuza kalekale kuti akufuna masewero ake omaliza adzasewere pa bwalo lathu lino, ine ndili pa mpando wanga ndi belu langa la ng'ombe.

Lamulungu, 5 Januwale

Kuzizira kothyola mano. Kutchalitchi sindinapite, miyendo inakana.

A Orest anathiranso madzi oti aundane akhale ayezi pa kabwalo kathu kakuseri, kaja anakatchinga ndi matabwa a barani yakale. Masana onse anyamata anali pamenepo. Ndimawaona pawindo ndikukanda ufa wa mapirogi, tizitumbuwa tija toika mbatata mkati. Colson amamenya kampira kuti kazungulire m'mbali mwa matabwa, Tavin n'kumakalandira kumanja. Kwa wamanzere kumeneko kampira kamafikira kumsana kwa ndodo, ndiye kamangomudumpha. Akawerama kuti akafunefune, Colson amabwera n'kumupana ku matabwa, phwaa! Mpaka mbale m'kabati mwanga kulira.

"Wafa pamenepo! Cheuka kaye, aise, uone amene akubwera. Ukatero kaimitse ndi phazi, osati ndodo. Phazi likapatse ndodo."

Kubwerezabwereza mpaka dzuwa kulowa. Tavin analowa mlomo utatupa, akumwetulira ngati wapeza mkazi.

A Orest anali pawindo nthawi yonseyo. Nawonso anali wotchinga kumbuyo masiku awo, n'chifukwa chake mawondo awo amalosera nyengo kuposa wayilesi. Anyamata atatsikira kuchipinda chawo chapansi, anandiuza motsitsa mawu.

"Mwana uyu akunola mpeni womucheka yekha."

"Ndani?"

"Colson. Timu yathu ili kumchira, chikho chaka chino kulibe. Matimu apamwamba akusaka wamkulu wakumanja ngati iyeyu. Chimene chikumusungitsa pano ndi chimodzi chokha, palibe wotseka malo ake. Akamuphunzitsa mwanayu, malo atsekeka."

Ndinati bambo musandiyambe, inu mumaona maliro paliponse. Koma mapirogi ndinawapsereza.

Lolemba, 6 Januwale

Ndatsitsa chikwama chakale cha a Orest kudenga la garaja n'kuchiyanika kuti fungo lichoke.

Zikwama za osewera ndi za timu. Mnyamata akachotsedwa amamulanda, zida zake n'kumuikira m'majumbo akuda a zinyalala. Ndinaona kamodzi mwana akutuluka pa bwalo atanyamula majumbo awiri otero, anthu akuyang'ana kumbali. Ndinalumbira kuti wa m'nyumba mwanga sadzachoka choncho.

Ndikuchipukuta ndimaganiza za Tavin. Ndinene zoona, poti ndikulembera ndekha: ndikufuna chikhale chake. Mulungu andikhululukire. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, inde, koma wina wakhala nane miyezi inayi, wina zaka zitatu.

Lachiwiri, 7 Januwale

Msana. Ndanyamula agogo awiri lero, mnzanga wa shifiti sanabwere.

Anyamata abwera kokonzekera masewero akukankhana pakhomo. Akuti a kochi anamuyesa Tavin kumanja, anaima n'kumuyang'ana nthawi yaitali, osanena kanthu. A kochi athuwa akakhala chete ndiye kuti ayamikira. Mawa akupita kukasewera kutali, bondo la Rylan latupanso, dzina la Tavin lalembedwa pa bolodi. Kumanja.

Tavin wandipempha kuti ndimuphikire supageti ndi nkhuku, chakudya cha osewera. Masiku onsewa amakana, amati wovala suti sayenera kudya ngati wogwira ntchito. Ndaphika mphika waukulu. Colson anadya mbale imodzi yokha.

Ndinamupeza m'garaja akukulunga tepi pa ndodo. Ndinati, "Colson, ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikukulunga tepi, mayi."

"Usandiyese mwana."

"Mayi, pitani mukagone, maso anu afiira ngati a kalulu woweta." Chikwama chija chinali chopachika pamwamba pa mutu wake. Anachiona, sanafunse.

Lachinayi, 9 Januwale

Dzulo sindinalembe. Tinamvera pa wayilesi, ine ndikusita, a Orest akuyendayenda m'khitchini ngati iwo ndiwo kochi.

Chigawo choyamba kampira kanazungulira kumanja, Tavin anakaphonya, adani n'kugoletsa. Woulutsa anatchula dzina lake momveka bwino, kawiri konse, ngati akumuitanira kukhoti. A Orest anazimitsa wayilesi. Ine ndinayatsanso. Ndipo mumtima mwanga munadutsa kachimwemwe kakang'ono, konyansa, koti basi zatha, Colson atsala. Ndinachita manyazi mpaka ndinawotcha kolala ya malaya.

Koma a kochi sanamukhazike pa benchi. Anamubwezanso. Chigawo chachiwiri ndi chachitatu dzina lake silinamvekenso, ndipo a Orest akuti wotchinga wabwino ndi ameneyo, amene wayilesi yamuiwala. Kumapeto woulutsa anati mnyamata wakumpoto uja wasewera kumanja ngati anabadwira komweko. Timu inaluzabe, koma ndi chigoli chimodzi.

Masana ano anaimba foni mayi ake a Tavin. Amaphikira ana pasukulu kwawoko. Mawu aulemu, apansipansi. "Amayi, tangomva zoti mawa n'kotseka. Akabwera kuno timulandira, ndi mwana wathu. Kungoti kuno timu kulibe. Anzake onse amene anabwerera, ndodo anazipachika." Anandithokoza chifukwa chomudyetsa. Ndinangoti mwana wanu ndi wosavuta.

Chakudya chamadzulo, mafoni awiri ali chagada patebulo. Lamulo langa loletsa mafoni podya ndaliiwala dala.

Lachisanu, 10 Januwale

Inalira ya Colson.

Ndinali nditangofika kuchokera kuntchito, nsapato ndisanavule. Anamvetsera ataima pa sinki, akungoti, "Chabwino, bwana. Ndamva, bwana. Zikomo." Amugulitsa ku timu ya chigawo china, ulendo wa tsiku lonse pa galimoto. Akumufuna mawa lomwe. M'malo mwake timu yathu ilandira mwayi wosankha ana chaka chamawa, ana amene pano sanayambe n'kumeta komwe.

Tavin anaimirira, nkhope itayera. "Achimwene, ine sindimadziwa. Ndikanadziwa sindikana..."

"Ukanatani? Khala pansi, iwe thumba."

Colson anapita kubwalo kukatenga zida. Anabwera nazo m'majumbo akuda, atatu, anawatula pabalaza panga. Munthu wawatchingira golo ndi nthiti zake zaka zitatu, mano awiri anasiya pa ayezi pomwepo. Majumbo a zinyalala! Ndinafuna kuimbira a manijala ndiwauze mawu amene sindinawatchulepo chibatizidwire. A Orest anandilanda foni.

Ndinakatenga chikwama. Tinalongedza awiri, ine ndi iye, Tavin atadzitsekera kuchipinda chapansi.

"Unkadziwa," ndinatero.

"Wina wa kubwalo anandinong'oneza Khirisimasi isanafike kuti matimu akufunsa za ine. Anati chikuvuta n'choti kumanja kulibe munthu."

"Ndiye bwanji sunangokhala chete? Ukanamaliza pano. Unandilonjeza."

"Mayi, ine yanditsalira miyezi itatu, kaya kuno kaya uko. Ikatha ndikukagwira ntchito ya mapaipi kwa amalume. Uyu akakwera basi yakumpoto sabweranso. Mwaona mmene amathamangira chambuyo? Ine ndili ndi zaka zake sindinkatha zimenezija." Anakoka zipi, inakanirira pakati, anaimenya ndi chibakera. "Komanso chikwamachi munachiyanika msanga. Ndinaona kuti mphwanga uja chikumukulira."

Ndinalira, ndisaname. Iye anatsekula kabati ya pamwamba pa filiji, kuseri kwa ufa, n'kutenga mabisiketi anga onse. "A pa ulendo," anatero.

Tavin anatuluka pomwe pikapu ya Colson imalira. Anathamanga pa chipale ndi masokosi okha. Zimene anauzana pawindo sindinamve. Ndinangoona Colson atulutsa mkono n'kumutembenuza mutu ndi dzanja, uku ndi uku, ngati mmene ankamuphunzitsira kucheuka.

Mbale ndatsuka zitatu. Sindinadziwe kuti mbale imodzi ingachepetse ntchito chonchi, ndipo sindikukondwa nazo.

Loweruka, 11 Januwale

Sindimafuna kupita. Ndinawauza a Orest kuti mutu ukundipweteka. Anangondibweretsera jekete ndi belu n'kuima pakhomo.

Supageti Tavin anadya theka. Tsiku lonse amandizemba m'nyumba, akuyenda chonyang'ama ngati waswa kanthu. Nanenso sindinamuthandize, mawu anga anali aafupi. Pokwera galimoto anakakhala kumbuyo, mpando wakutsogolo uli wopanda munthu.

Kubwalo anthu ochepa. Mayi Doreen, amene amasunga goloboyi, anandigwira dzanja n'kunena kuti mlendo ndi mame, tinazolowera ife. Ndinati zolowerani nokha.

Chigawo chachiwiri adani anamenya kampira mwamphamvu, kanazungulira kuseri kwa golo kulowera kumanja. Chimnyamata chawo china chachikulu ngati chitseko chinali chikubwera ndi liwiro. Wathu anacheuka, anachiona. Anaimitsa kampira ndi phazi, phazi linapatsa ndodo, anapotoloka, chimnyamata chija n'kukadziwomba chokha ku matabwa. Kampira kanali katapita kale kutsogolo.

Ndinapezeka ndaimirira, belu lili m'mwamba, ndikukuwa, "Eyaa, Colson!"

Mayi Doreen anandiyang'ana. A Orest anayang'ana pansi. Bwalo linali lopanda phokoso moti ndikudziwa kuti Tavin anamva, chifukwa pobwerera ku benchi mutu unali woweramira pa mawondo.

Ndinakhala pansi. Belu ndinaliika pamiyendo.

Patapita kanthawi a kochi anamugunda paphewa, analumphanso matabwa kulowa. Kampira kanali kutali, sanachite chilichonse choti munthu n'kuimirira. Ndinaimirirabe. Ndinaliza belu mpaka mkono kuwawa, ndikuitana dzina lake lenileni, Tavin, Tavin, anthu akundidabwa ngati ndapenga.

Anacheuka.