Nkhumba za ba Tembo

Lachisanu. Mtima sunakhale m'malo tsiku lonse.

A khonsolo abwera m'mawa kudzatenga nkhumba za ba Tembo, oyandikana nafe, poti alibe chilolezo chowetera m'tauni. Ba Tembo ataona galimoto ya khonsolo, m'malo mothamangira kukhola kwawo athamangira kumpanda wathu. "Amake Dalitso, bisani mbuzi yanu, bafika!" Ndaikokera m'bafa n'kuiunjikira masamba a repu kuti isalire. Chilolezocho nanenso ndilibe.

Nkhumba zonse zitatu zapita. Madzulo ndawaona ba Tembo akutsuka khola lopanda kanthu. Andifunsa pampanda, "Mbuzi yapulumuka?" Nditavomera, amwetulira. "Mulungu ni wabwino."

Sakudziwa kuti amene anakanena ku Boma za fungo la nkhumbazo sabata yatha ndi ine. Mbuzi ikudya phee kuseri, ndipo mawa m'mawa adzandipatsanso moni...