Lole Yopanda Okwera

Masala, Ndola
14 August 1999

Okondedwa akulu anga a Georgina,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wayamba kupola kumeneko ku Katete. Musadziimbe mlandu kuti simunabwere, bambo ake a Boyd tinawaika bwino Lachiwiri. Ndalemba kuti bwino, koma inu sindingakunamizeni, ndiye mverani.

Mukumbukira kale ku Kitwe, munthu wa pamgodi akamwalira kampani inkapereka bokosi ndi lole yonyamula anthu kupita kumanda. Masiku ano a kugulitsa migodi zimenezo zinatha, ndipo malemuwo anali atachotsedwa kale ntchito. Bokosi anatithandiza a kutchalitchi, koma lole inasowa.

Boyd, wamtima wofewa ngati bambo ake, anati, "Amama, musade nkhawa, ndikapempha kuntchito." Inu mumamudziwa ali wapolisi woimitsa maminibasi, amene amayi a pamsika ankamusungira nthochi. Chaka chino anamusamutsira ku gulu lija lovala zamawangamawanga ngati asilikali, la zipewa zachitsulo ndi mfuti zazitali. Amenewo sapereka moni. Mu June anabwera pamsika wa Masala kudzathamangitsa ogulitsa m'mbali mwa msewu, anaponya utsi wokhetsa misozi, anyamata n'kuwaponyera m'lole ngati matumba a makala. Jairus, mwana wa a Beatrice oyandikana nafe, mpaka lero khutu limodzi silimva.

Lachiwiri m'mawa, amayi a kwaya ali pakati pa nyimbo, lole yomwe ija inakhota pakona pathu. Nyimbo inadukira pakamwa. Ana anathawira kuseri kwa zimbudzi, ndipo madoda ena, ndevu zawo zonse, analumpha mpanda. Boyd anatsika ndi anzake, mfuti zili pamapewa, poti akuti lamulo siliwalola kuzisiya. Anatsegula kumbuyo nati, "Kwerani, makolo anga, tikaperekeze adadi."

Palibe anasuntha. A Beatrice, pondiitana amake Boyd m'chilankhulo cha kwawo, anandinong'oneza kuti, "Awe, bana Boyd, m'motoka umo mwana wanga analowa na makutu awiri. Ise tizayenda na mendo." A Anock, amene ankatsika mumgodi limodzi ndi malemu, anakodola anzawo, nasenza bokosi pamapewa.

Pamenepo Boyd anabwera kwa ine. "Amama, olo inu nokha kwerani kutsogolo, miyendo yanu yatupa." Akulu anga, ndinayang'ana majombo ake aja, ndinayang'ananso a Beatrice amene anagona nane pansi masiku onse a maliro, ndipo ndinati ndiyenda. Si chifukwa cha maso a anthu okha ayi. Ndinachita naye mantha, ine amene ndinamubereka kumsana. Lole inatitsata pang'onopang'ono mpaka kumanda, mulibe wokwera. Boyd anathira dothi, nabwerera kukampu kwawo, ndipo kuno sanapondenso.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. A Anock ndi anzawo ochotsedwa ntchito akuti Lolemba akaguba ku Kitwe kukafunsa za penshoni yawo, ndipo dzulo ndinaona malole aja akulowera msewu wa ku Kitwe. Anthu amene anasenza bambo ake adzaima mbali iyi, iye mbali inayo ndi mfuti m'manja. Akalamulidwa kuwombera n'kumvera, ndidzatuluka bwanji pakhomo? Akakana, adzamuchita chiyani? Ndikagwira korona sindidziwa chopempha.

Kalatayi idzakupezani Lolemba litadutsa, mwina mutamva kale pawailesi zimene ine sindikuzidziwa lero. Ngakhale zili choncho, mulembereni, paja inu amakumverani. Mumuuze kuti amayi ake sanamukane, angobwera, kaya ndi majombo omwewo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. A Beatrice akupereka moni. Boyd sanandipatse moni woti ndikutumizireni, koma ndaulemba ndekha, muulandire ngati wake.

Ndine mng'ono wanu,
Josephine