Mwana wa a Zakeyo Asabwere Kwanga

Nangongwe, Kafue

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumudziko? Bondo lija lasiya kutupa? Ine ndi mdzukulu wanu Mapalo tili bwino, kungoti udzudzu wa kumtsinje watichulukira.

Uthenga wanu ndaumva, woti aphunzitsi a Zakeyo akupempha kuti mwana wawo Ackson adzakhale kwanga pamene akufuna ntchito kuno. Amayi, ndakana.

Simudziwa chimene ndinasiyira sukulu mu giredi 8. Munkati ndi ulesi. Tsiku lina a Zakeyo analemba pabolodi 3x + 4 = 19, n'kundiitana kutsogolo. Nditalephera, anauza kalasi yonse kuti x ndi chinthu chosadziwika, monga bambo anga. Onse anaseka, iwonso anaseka mpaka kupukuta misozi. Kuyambira pamenepo dzina langa linali Ekisi, ngakhale kuchitsime. Sindinakuuzeni poopa kuti mungalire.

Chaka chino ndinayamba makalasi a akuluakulu, Loweruka masana ndikatseka kantemba kanga kogulitsiramo zinthu. Amene amatiphunzitsa ndi ba Mwila. Nditaona x pabolodi ndinafuna kutuluka. Iwo anati x ndi nambala chabe imene yabisala, ndipo samu yotere ili ngati sikelo yoyezera nsomba za kapenta: chimene wachotsa mbali iyi, uchotsenso mbali inayo. Nditafika kunyumba ndinalemba samu ya a Zakeyo ija, poti sinandichoke m'mutu. Ndinachotsa 4 uku ndi uku, kutsala 15, n'kugawa patatu. Yankho ndi 5. Amayi, 5 basi! Ndinalira ndi ukali. Sukulu yanga yonse inathera pa kanthu kameneka.

Abusa akuti ndikhululuke. Mwina m'tsogolo. Ndikudziwa kuti Ackson sanandilakwire, koma nanga ine ndinalakwira yani? Bambo akewo alaweko mmene zimawawira mwana wako akabwezedwa pakhomo.

Pempho langa ndi limodzi. A Zakeyo akabwera kudzamva yankho, musawanamize kuti nyumba ndi yaing'ono. Chipinda chilipo, matiresi aliponso. Muwauze kuti ndakana ndine, ndipo chifukwa chake ndidzawauza ndekha pa Khirisimasi, akazi awo ali pomwepo.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi mng'ono wanga Mwandida. Kwa a Zakeyo musapereke.

Ine mwana wanu wokukondani,
Elina