Thirakitala Yalowa M'kontena

Bambo a ana,

Mukafika musayambe kukuwa kuti akuba batire aja abweranso. Thirakitala simukuiona pansi pa mtengo chifukwa ili m'kontena. Eya, kontena yomwe ija munkandiseka nayo kuti ndagula khola la nkhuku lachitsulo.

Achimwene anu anayeza ndi chingwe, akuti denga la thirakitala ligunda pakhomo, ndingoiwalako. Ine ndinangoti, "Alamu, tachepetsani mpweya m'matayalamo." Anaseka mpaka kutsokomola. Titaphwetsa matayala, iwo omwewo anailowetsa, yonse myaa, osakhula pena paliponse!

Vuto n'lakuti m'mbali munalibe mpata wotsikira. Alamu atulukira kumbuyo chokwawa, buluku n'kung'ambika pamalo osatchula. Pepani, ndawabwereka lanu latsopano lija, sakanadutsa pamsewu ali choncho.

Ndathamangira kwa amakaniko kukabwereka pampu, mvula isanandipeze. Inu mungosunthira pulawo pafupi ndi chitseko, tilowetsa ndikabwera.

Kiyi wa loko ndapita naye. Mukamufuna, muyambe mwanena kuti, "Mayi, munalondola." Munene mokweza, nkhuku zimve.

Ndine,
Mwini khola