Amalume Apezeka ku Zanzibar

Chelstone, Lusaka
Juni 1986

Okondedwa Amayi,

Kodi mwadzuka bwanji ku Katete kumeneko? Nanga mwendo uja ukulola kupita kudimba? Ife kuno tili bwino, Judith watuluka mano awiri.

Amayi, khalani pansi musanapitirize kuwerenga.

Paja bambo a Judith amagwira ntchito ku njanji ya Tazara. Patchuthi chawo ananditenga pasitima mpaka ku Dar es Salaam. Kumeneko tinamva kuti chilumba cha Zanzibar, chomwe chinakhala chotsekeka zaka zambiri, chayamba kulandira alendo. Tinakwera bwato. Ine mwana wa kumtunda ndinasanza ulendo wonse, anzanga akungoseka.

Koma dziko lokoma! Tinjira take n'topapatiza, moti wina akabwera ndi njinga umakanirira kukhoma. Paliponse pamanunkhira karafuu, timbewu tomwe amayanika pamphasa m'misewu. Ana ankatitsata ngati aona azungu.

Kumsika mkulu wina wogulitsa nsomba anatchula mtengo wokwera. Ndinanong'oneza bambo a Judith kuti mdalayu ndi wakuba, tiyeni tizipita. Mkuluyo anaika mpeni pansi, nayankha m'Chinyanja chathu chenicheni kuti, "Wakuba ndi agogo ako!" Manyazi ake, ndinafuna kulowa pansi.

Anandifunsa kwathu ndi mfunda wanga. Nditati ndine Naphiri wa ku Katete, mwana wa Eness, anakhala pansi pamamba a nsomba n'kuyamba kulira.

Amayi, mkuluyo ndi amalume anga a Matthew, mlongo wanu amene munalira maliro ake ine ndili wakhanda. Akuti atachoka kuminda ya khonje ku Tanganyika anaolokera ku Zanzibar kukafuna ntchito, kenako kunabuka nkhondo, njira zonse n'kutsekeka. Anakwatira komweko, ali ndi ana anayi, ndipo anthu amawatchula kuti Juma. Akaseka, mpata wa m'mano uja ndi wanu ndithu.

Ndiye sindinawasiye, ndabwera nawo kuno. Pamene ndikulemba pano ali pakhonde, avala majuzi awiri a bambo a Judith, akudandaula kuti Lusaka ndi wozizira ngati mufiriji. Anansi athu ba Chilufya amabwera tsiku lililonse kudzamva za nyanja.

Koma basi ya ku Katete akuiopa. Akuti munthu amene abale anamumetera kale tsitsi salowa m'mudzi ngati nkhuku, mwina mungathawe poyesa mzukwa, mwinanso mungawathamangitse chifukwa chokhala chete zaka zonsezi. Dzulo anandifunsa katatu ngati mumawatchulabe.

Chonde Amayi, kambiranani ndi akuluakulu, mutumize mawu ndi a Banda oyendetsa lole. Mungonena kuti abwere, ife tinyamuka Loweruka lomwelo. Chikwama chawo sanamasule n'komwe, chili pakhomo.

Mupereke moni kwa azakhali a Helen ndi onse a pabwalo. Mulungu akusungeni mpaka muonane maso ndi maso ndi mlongo wanu.

Ndine mwana wanu,
Imelda